Wonga, mkuwa ndi sikelo m'chipinda cha pansi ku Wisconsin

Masitepe otsikira pansi pa nyumbayo ndi amatabwa, ndipo usanafike ndi pakati pomwe mphuno imakhala yamva kale fungo la mafuta a mfuti. Kunja kunali kuzizira kwa Novembala, mitengo itayoyola masamba onse. Kunali kutatsala pang'ono kuti nyengo yosaka agwape ndi mfuti itsegulidwe. Ku Wisconsin, m'dziko la America, nyengoyi ndi ya masiku 9 okha, kuyambira Loweruka lotsogolera chikondwerero cha Thanksgiving, ndipo alenje ena amapempheratu tchuthi kuntchito chaka chikangoyamba.

Eni nyumba, bambo achikulire amene anapuma pa ntchito ya umakaniko, anayatsa getsi lalitali la kudenga. Chipindacho sichachikulu. Kukhoma lina kuli thebulo lochindikala lomangirira ndi mabawuti, kwina kuli kabati yachitsulo yosungiramo mfuti. Anatsegula kabatiyo n'kutulutsa mfuti imene inachititsa ulendo wanga: Browning BAR, mtundu umene unayamba kugulitsidwa mu 1967, yolowa zipolopolo za .30-06, zija asilikali a America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1906. Asanandipatse anaitsegula, n'kuyang'ana m'kati, n'kundionetsa kuti ilibe kanthu.

Mfuti zambiri zosakira zimafuna dzanja. Ukawomba, umakoka chitsekerero wekha, chigoba n'kugwa, n'kukankhiramo chipolopolo china. Iyi imadzichitira yokha. Pansi pa mpope wake pali kabowo kakang'ono, ndipo gawo lina la mpweya wotentha wa wonga limadutsira pamenepo n'kukankha kachitsulo kamene kamatsegula chitsekerero. Chigoba chimaponyedwa kumbali, sipulingi n'kubweza chitsekerero chitatenga chipolopolo chatsopano. Kukoka kamodzi n'kuwomba kamodzi, koma mlenje sachotsa diso pa nyama.

"Vuto lake lili pomwepo, achimwene," anatero bambowo. "Chipolopolo chikathina pang'ono, dzanja langa lingathe kuchikakamiza. Sipulingi ilibe mphamvu imeneyo, ndipo ilibe nzeru yoti iime."

Ndinazindikira pambuyo pake kuti chilichonse chili pathebulo paja chinaikidwa chifukwa cha mawu amenewa. Anthu odzazanso zipolopolo amakonda kunyadira ufulu, ati amapanga chipolopolo chogwirizana ndi mfuti yawo yokha. Wa mfuti yodzilowetsera yokha ufulu wake ndi wochepa. Ntchito yake yaikulu ndi kubwezera chigoba ku msinkhu umene chinali nawo pochoka kufakitale.

Kumanzere kwenikweni kuli chidebe cha zigoba zamkuwa zowombedwa kale, zina zakuda ndi mwaye, zina zophwanyika pang'ono kukamwa chifukwa chomenyetsedwa potuluka. Pafupi pake pali mbale yokhala ndi mota, imene imanjenjemera kwa maola angapo kutsuka zigobazo. Ndinasuzumiramo n'kupeza kuti chotsukiracho ndi zitsononkho za chimanga zoperapera. Ena amagwiritsa ntchito makoko a mtedza wa walnut.

Zikayera, bambowo amatenga chimodzichimodzi n'kuchizunguza pansi pa getsi. Ali ndi kawaya kopinda kunsonga kamene amakalowetsa m'kati n'kukanda khoma la chigoba chakumunsi. Kawayako kakakodwa pa kamzere, ndiye kuti mkuwa wapyapyala pamenepo ndipo tsiku lina chigobacho chidzaduka pawiri m'mfuti. Choterocho amachiphwanya ndi pulayazi kuti chisabwererenso m'chidebe. Mfuti yamtunduwu imazula chigoba chikadali chotentha ndi chofufuma, choncho mkuwa umatamuka msanga. Iwo amataya chigoba chikadzazidwa kanayi kapena kasanu, ngakhale chikuoneka bwino.

Pakati pa thebulo ndi pamene pali mfumu ya chipindachi, chipangizo chachitsulo chobiriwira chokhala ndi mkono wautali, chimene amachitcha press. Mtundu wobiriwira ndi wa kampani ya RCBS, imene Fred Huntington anaiyambitsa mu 1943 ku Oroville, California, nthawi imene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inachititsa kuti zipolopolo zosakira zisowe. Pashelefu pali zina zofiira za Lee Precision, kampani ya m'tauni ya Hartford mu Wisconsin momwemo. Pamwamba pa press amamangapo die, chitsulo chabowo losemedwa mofanana ndi chigoba. Chigoba chopakidwa timafuta chimakankhiridwa m'menemo, mkono ukatsika mkuwa umafinyidwa kubwerera m'malo mwake.

Apa bambowo anachedwapo, ndipo nane ndichedwepo. A mfuti zokoka ndi dzanja ena amangofinya khosi la chigoba n'kusiya thupi lake lili lofufuma, poti likakhala lokwanira ndendende m'mfuti yomweyo. Kwa BAR zimenezo n'zosatheka. Thupi lonse liyenera kufinyidwa, ndipo phewa la chigoba limabwezedwa m'mbuyo pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Die yawo ndi ya mtundu wa small base, imene imafinya kumunsi kwambiri kuposa yamasiku onse. Ukafinya mochepa, chitsekerero sichitseka mpaka kumapeto, ndipo mfuti imakana gwape ali patsogolo pako. Ukafinya mopitirira, chigoba chimakhala ndi malo otamukira ndipo chimaduka msanga. Pakati pa ziwirizi mpata wake ndi wosaoneka ndi maso, n'chifukwa chake pali kachitsulo koyezera kamene chigoba chilichonse chiyenera kugweramo chokha popanda kukankha. Chikatero amachiyeza kutalika. Cha .30-06 sichiyenera kupitirira mainchesi 2.494, ndipo chotalikirapo amachidula kukamwa ndi kamakina kopukusa ndi dzanja.

Kenaka pamabwera primer, kabatani kakang'ono kokhala kumunsi kwa chigoba, kamene kakamenyedwa kamayatsa wonga. Bambowo anavala magalasi oteteza maso, n'kundipatsa ena. Akaika kamodzi amasisita ndi chala kuti amve ngati kalowa mozama pang'ono kuposa mkuwa wozungulira. Kakatsala pamwamba, chitsekerero chobwera mwamphamvu chingathe kukamenya mfuti isanatseke bwino, chipolopolo n'kuphulikira pafupi ndi nkhope ya mwini. Izi zimaopedwa kwambiri pa mfuti monga M1 Garand ndi za mtundu wa AR, zimene kasingano kake komenyera kamayenda momasuka, ndipo kampani ya CCI imapanga ma primer olimbirapo, a nambala 34, chifukwa cha zimenezi.

Wonga sukhala pathebulo. Uli m'bokosi lamatabwa kungodya ina, kutali ndi chotenthetsera nyumba, m'zitini zake zomwe unabweramo. Lamulo la m'chipindamo ndi loti chitini chimodzi chokha ndicho chimatuluka nthawi imodzi. Alenje akwathu a gogodera ankathira wonga moyerekeza ndi maso, koma uwo unali wonga wakuda. Uwu wamakono sukhululuka. Umayezedwa ndi muyeso wa grain, ndipo ma grain 7,000 ndiwo amakwana paundi imodzi. Sikelo ya bambowa imaona ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a grain. Pambali pake pali mabuku onenepa a Hornady ndi Lyman, mmene muli miyeso yoyesedwa kale m'malabotale. Amayambira pa muyeso wotsika wa m'bukumo n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo pamzere womaliza safikapo.

Ngakhale mtundu wa wonga mfuti ndiyo imasankha. Pali wopsa msanga ndi wopsa pang'onopang'ono. Wochedwa kupsa umathamangitsa chipolopolo kwambiri, koma umafika pa kabowo kaja ukadali ndi mphamvu yochuluka, n'kumenyetsa zitsulo za mfuti. A M1 Garand amadziwa kuti umatha kupinda mkono wautali woyendetsa chitsekerero. Choncho amakhala pa wapakatikati, monga 4895, womwe unkadzazidwa m'zipolopolo za asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondoyo itatha, Bruce Hodgdon wa ku Kansas anagula wotsala wa boma n'kuyamba kuugulitsa kwa alenje mu 1947, ndipo dzina lake likadali pa zitini mpaka lero.

Wailesi imene inkalira chapansipansi anaizimitsa pofika pothira wonga, ndipo nane ndinasiya mafunso. Atathira m'zigoba zonse zoimikidwa pa thabwa la mabowo, anatenga tochi n'kuunika m'chilichonse kuti aone ngati wonga walekezera pofanana.

Chomaliza ndi mutu wa chipolopolo, umene umapita ukagunde nyama. Die ina imaukhazika pakhosi la chigoba, ina n'kupana kukamwa kwa chigobacho pa kamzere kozungulira mutuwo. Kupanako n'kofunika chifukwa polowa m'mfuti mutu umagunda chitsulo, ndipo ukabwerera m'kati malo a wonga amachepa, mphamvu n'kukwera mosayembekezeka. Mitu ya bambowa ndi ya mtovu wokutidwa ndi mkuwa. Anandionetsanso bokosi la yamkuwa wokhawokha, imene ku California ndi yofala chifukwa kuyambira pa 1 Julayi 2019 kumeneko saloleza kusaka ndi mtovu. Yamkuwayi ndi yaitali kuposa inzake yolemera mofanana, choncho miyeso yake imayambiranso pachiyambi.

Ndinafunsa ngati zonsezi zimapulumutsa ndalama. Anaseka n'kuloza zipangizo zodzaza thebulo. Ine ndikuganiza kuti yankho loona ndi loti ayi, makamaka kwa munthu amene nyengo yonse angawombe gwape mmodzi kapena awiri. Makampani ambiri opanga mfuti amachita kulemba m'mabuku awo kuti sayankhapo mfuti ikaonongeka ndi zipolopolo zodzaza wekha. Chimene chimawasunga bambowa m'chipinda muno ndi kope lakuda lili m'dirowa, mmene analembamo tsiku lililonse limene anadzaza, mtundu wa wonga, nambala ya chitini, ndi mmene zipolopolozo zinagwera pa pepala la mayadi 100.

Zipolopolo 20 zitakwana, anazidutsitsanso m'koyezera kaja, n'kuziika m'bokosi lapulasitiki, n'kumata kapepala pamwamba. Malamulo a dziko la America amalola munthu kudzidzazira zake popanda chiphaso, koma kugulitsa kumafuna chiphaso chopangira zipolopolo. Ndinafunsa ngati amagawirako anzawo.

"Mwana wa mlongo wanga wapempha kangapo," anatero akutseka bokosilo. "Ndimamuuza kuti abwere ndi mfuti yake, akhale pampando mwakhalapo inupo, tiyeze limodzi. Mpaka pano sanabwere."