Ku Broadbeach, komwe ma Queens anagwetsera chimphona

Mzinda wa Gold Coast uli kugombe la kum'mawa kwa Australia, m'chigawo cha Queensland, makilomita pafupifupi 80 kumwera kwa Brisbane. Amalawi ambiri sanaupondepo, koma dzina lake si lachilendo. Ndi kumeneku komwe, Lamulungu pa 8 Epulo 2018, timu yathu ya mpira wa manja ya Malawi Queens inakwapula New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth. Nthawi imeneyo New Zealand inali pa nambala 2 padziko lonse, ife tili pa nambala 6, ndipo tinali tisanaigonjetsepo chiyambire.

Ambiri a inu munaimva nkhaniyi pa foni. Mwina munaiona pa Facebook mukutuluka m'tchalitchi, mwina m'bale wanu anakutumizirani kakanema ka atsikana athu akuvina pabwalo. Koma malo amene zinachitikirawo ndi otani? Ndipo Mmalawi akawayendera lero, angatoleko chiyani?

Ulendo wake ndi wa mtima wautali

Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chileka kulibe ndege yolunjika ku Australia. Njira yodziwika ndi yodzera ku Johannesburg, n'kukwera ina yowoloka nyanja yamchere ya Indian kwa maola oposa 11 mpaka ku Sydney. Pamenepo mumasinthanso, n'kulowera kumpoto kukatera ku Coolangatta, komwe kuli bwalo la ndege la Gold Coast. Viza imafunika, ndipo muyenera kukhala mutaipeza musananyamuke.

Chosokoneza kwambiri ndi wotchi. Ku Queensland ali patsogolo pathu ndi maola 8. Kukamacha 6 koloko m'mawa kumeneko, ku Ndirande anthu amakhala akutseka zitseko 10 koloko usiku. Thupi silimva msanga zimenezi. Masana tulo timakugwirani ngati mwamwa mankhwala, usiku maso ali gwa. Mlendo wongokaona malo akhoza kugona mpaka thupi lizolowere. Wosewera mpira alibe mwayi umenewo, chifukwa wenzulo ikalira amayenera kuthamanga pa ola limene kwawo akanakhala ali m'bulangete.

Mukatuluka pabwalo la ndege, zina zimakulandirani ngati abale. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu. Nyengo nayonso imayenda limodzi ndi yathu: Epulo ndi mwezi umene kutentha kumayamba kuchepa, Juni ndi Julayi n'kukhala miyezi yozizira. Kenako fungo la bulugamu. Mtengo umene timapangira milimo ya nyumba ndi kufukiza masamba ake tikadwala chimfine, kwawo kwenikweni ndi ku Australia. Masamba akewo ndiye nsima ya kanyama kotchedwa koala, komwe chithunzi chake, chopakidwa utoto wabuluu n'kupatsidwa dzina loti Borobi, chinali chizindikiro cha masewera a 2018. Ngakhale mtedza wa makademiya umene umalimidwa m'maesiteti a ku Thyolo unachokera m'nkhalango za dera lomweli.

Mzinda woyang'ana kunyanja

Gold Coast ndi mzinda wautali ngati lamba, wotsata gombe. Mbali ina kuli nyanja ya Pacific, mbali ina mitsinje ndi ngalande zokumba zomwe anthu amaimikamo maboti kuseri kwa nyumba zawo. Pakati pake pandandalika nyumba zosanja zotalika moti madzulo mithunzi yake imagwera pamchenga. Yotchuka ndi Q1 ku Surfers Paradise, yotalika mamita 322. Mukakwera pamwamba pake mumaona gombe lonse loyera mbee, ndipo kumadzulo mapiri obiriwira amene angakukumbutseni za Zomba.

Amene munazolowera kusamba ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear musadzitame. Nyanja iyi ndi ina. Mafunde ake amabwera ndi mphamvu ndipo pali malo amene madzi amakoka munthu kupita naye pakati. N'chifukwa chake pagombe amazika mbendera zofiira ndi zachikasu, ndipo lamulo ndi losambira pakati pa mbenderazo, pomwe opulumutsa anthu akukuonani.

Malowa ali ndi eni ake akale. Azungu asanafike kunkakhala anthu olankhula Yugambeh, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Dzina lija la Borobi ndi la chilankhulo chawo. Phiri laling'ono la ku Burleigh Heads, lomwe limalowa m'nyanja kumwera kwa mzindawu, iwo amalitcha Jellurgal ndipo amalilemekeza. Masewera a Commonwealth amasonkhanitsa makamaka maiko amene analamulidwapo ndi Britain, kotero Mmalawi akamva mbiri ya anthu olandidwa malo m'dziko lawo lomwe, sachita kufunsa kawiri.

Holo ya misonkhano

Kuti mufike pamalo a chipambano chathu, kwerani G:link, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu pamodzi ndi magalimoto, mutsike pa Broadbeach North. Pomwepo pali Gold Coast Convention and Exhibition Centre, nyumba yaikulu yomwe inatsegulidwa mu 2004. Nditaima panja pake ndinazindikira kuti si bwalo la masewero monga timaganizira. Ndi holo ya misonkhano, zionetsero za malonda ndi zoimbaimba. Pa masewera a 2018 anayalamo bwalo la matabwa n'kuseweretsamo mpira wa manja wa m'magulu. Ndime zomaliza zinakachitikira kwina, ku Coomera. Munthu wodutsa lero ndi thumba la zogula kuchokera ku Pacific Fair sangaganize kuti mkatimo munalembedwa mbiri ya dziko lina la ku Africa.

Mpira wa manja umaseweredwa ndi anthu 7 mbali iliyonse, zigawo zinayi za mphindi 15. Ololedwa kugoletsa ndi awiri okha, ndipo wosewera sayenera kusunga mpira kupitirira masekondi atatu. Chigoli chikalowa, matimu amasinthana kuyambitsa mpira pakati. Choncho timu yotsalira siingabwerere pongogoletsa nthawi yake ikakwana. Imayenera kulanda mpira wa anzawo, kenako osautaya.

Ndi zimene ma Queens anachita. Pa nthawi yopuma anali kumbuyo, ndipo aliyense ankaona ngati ndi nkhani yakale ija. M'chigawo chachitatu zinthu zinatembenuka. Kumbuyo Towera Vinkhumbo ndi anzake anayamba kutseka njira, pakati Takondwa Lwazi akuyendetsa mpira mwachangu, kutsogolo Mwai Kumwenda akungoponya m'kati. Mwai ankawadziwa bwino adani akewo chifukwa anasewerapo zaka zingapo mu timu ya Tactix ya ku Christchurch asanapite ku Melbourne Vixens. Wenzulo yomaliza italira, atsikanawo anagwa m'manja mwa anzawo, kenako gule anayambika pomwepo pabwalo, pamaso pa makamera a dziko lonse.

Masamu amene anatipweteka

Chimene ambiri tinaiwala n'chakuti chipambanochi sichinatifikitse patali. Malawi inali m'gulu limodzi ndi England, New Zealand, Uganda, Scotland ndi Wales, ndipo opita mu semifainolo anali awiri okha. England inapambana masewero ake onse. New Zealand, Uganda ndi Malawi zinathera pa mapointi ofanana, iliyonse itapambana katatu n'kugonja kawiri. Zikatero amawerenga zigoli: zimene timu yagoletsa amazigawa ndi zimene yagoletsedwa. Apa ndiye panativuta. England inali itatimenya ndi zigoli zoposa 20, Scotland tinaiposa ndi chigoli chimodzi chokha, ndipo Uganda inali itatigonjetsa 54 kwa 52.

Taganizani. Zigoli ziwiri basi. Tikanangopambana masewero a Uganda aja, Malawi ikanalowa mu semifainolo ndipo New Zealand ikanalongedza. M'malo mwake tinakasewera ndi Northern Ireland polimbirana nambala 7, n'kupambana. Timu yomwe inagwedeza dziko lonse inabwerera kwawo ili m'munsi mwa pomwe inathera ku Delhi mu 2010 ndi ku Glasgow mu 2014, komwe konse inali pa nambala 5.

Mendulo ya mpira wa manja pa masewerawa sitinaipezebe. Chiyambireni kutenga nawo mbali mu 1970, Malawi ili ndi mamendulo atatu, onse a malo achitatu ndipo onse a nkhonya. Tatu Chionga anapeza yake ku Edinburgh mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe anapeza zawo mumzinda womwewo mu 1986. Ambiri amene mukuwerenga nkhaniyi munali musanabadwe.

Zimene mzinda unatsala nazo

Mukakweranso sitima ija kulowera kumpoto, mudutsa Surfers Paradise ndi Southport n'kufika pafupi ndi yunivesite ya Griffith ndi chipatala chachikulu. Apa ndi pomwe panali mudzi wa osewera, pomwe ankagona ochokera m'matimu 71 amene anabwera ku masewerawa kuyambira pa 4 mpaka pa 15 Epulo. Nyumba zake zoposa 1,200 sizinasanduke mabwinja. Lero ndi nyumba za lendi, mukukhala mabanja, ophunzira ndi ogwira ntchito. Njanji nayonso anaitalikitsa mpaka ku Helensvale masewerawo atatsala pang'ono kuyamba, kuti ikumane ndi sitima yopita ku Brisbane, ndipo anthu akuikwerabe tsiku ndi tsiku.

Mukamayenda m'madera okhala anthu Loweruka m'mawa, mumaona chinthu china chimene makamera saonetsa. Mabwalo a mpira wa manja ambirimbiri ondandalikana malo amodzi, ana atavala mayunifomu, makolo atakhala pamipando yopinda, ena akuyimbira masewero, ena akugulitsa zakudya kuti kalabu ipeze ndalama. Timu ya dziko ya Australia imachokera pamenepo. Si kuti ana awo amabadwa ndi manja ena. Mwai anayambira ku Mzimba ndi mpira wa mapepala apulasitiki, ndipo mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mwana waluso amapeza makwerero omangidwa kale, pomwe kwathu amayenera kudzisemera yekha.

Ogonja ndi opambana atabwerera kwawo

New Zealand inachoka ku Gold Coast ndi manyazi. Jamaica inaigonjetsa polimbirana malo achitatu, ndipo kwa nthawi yoyamba inabwerera chimanjamanja pa mpira wa manja wa masewerawa. Kwawo sanangodandaula pa wailesi. Anaunika chimene chinalakwika, mphunzitsi Janine Southby anatula pansi udindo, Noeline Taurua n'kulowa m'malo mwake. Mu Julayi 2019 ku Liverpool, timu yomweyo inatenga chikho cha dziko lonse itagonjetsa Australia 52 kwa 51. Panali patangodutsa miyezi 15 kuchokera tsiku lomwe tinaivinira.

Ife ku Liverpool tinathera pa nambala 6, tilibe Mwai yemwe anali atavulala bondo. Ku Birmingham mu 2022 tinali pa nambala 7, ku Cape Town mu 2023 pa nambala 7 pomwepo, Uganda ili pa nambala 5. Palibe chamanyazi pa manambala amenewa, poti ndi timu iti ina ya kwathu imene imawerengedwa pakati pa 10 apamwamba padziko lonse? Koma akusonyeza kuti anzathu akuyenda pomwe ife tikupondaponda pamodzimodzi.

Zina zasintha ndithu. Ku Lilongwe, pafupi ndi Bingu National Stadium, kuli tsopano nyumba ya masewero yotchedwa ndi dzina la malemu Griffin Saenda, mphunzitsi amene anaumba ma Queens kwa zaka zambiri. Ndi chinthu chonyaditsa. Komabe atsikana ambiri amene adzavale yunifomu ya dziko lino zaka zikubwerazi akusewera pafumbi kapena pa simenti yong'aluka, pomwe kudumpha kulikonse kumadya mawondo ndi akakolo. Zigoli ziwiri zija sizinatayikire ku Broadbeach kokha. Zimatayikira pa sukulu yomwe ili ndi mpira umodzi wa ana onse, pa ligi yosowa oithandiza, ndi pa timu yomwe imakumana nthawi yochepa isanakwere ndege kukakumana ndi anzawo amene mpira ndi ntchito yawo ya chaka chonse.

Mukadzapeza mwayi wofika ku Gold Coast, kaya ndi pa sukulu, pa ntchito kapena pokaona abale, tsikani pa Broadbeach North, mujambule chithunzi kutsogolo kwa holoyo, muwatumizire akumudzi. Kenako yendani mphindi zochepa kupita kugombe la Kurrawa mukapondeko madzi, pakati pa mbendera zija. Koma amene simudzafikako simunamanidwe zambiri. Loweruka likubwerali, pa Blantyre Youth Centre kapena pabwalo la sukulu ya m'dera lanu pali masewero. Pitani mukaonere, mutenge mng'ono kapena mlongo wanu, ndipo ngati m'thumba muli kangachepe, funsani aphunzitsi amasewero kuti mpira watsopano ukugulidwa ndalama zingati.