Nthambi Zisanu za Pichesi ku Tsangano

Tinanyamuka ku Ulongwe Loweruka mbandakucha, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, kukagawa Mgonero wa Ambuye ku mpingo wina wa m'mapiri a Tsangano. Njira yonse inali fumbi ndi lupsa. Koma titakwera kumtunda, kumene mphepo imalasa ngakhale dzuwa lili paliwombo, tinapeza mapichesi atachita maluwa, tsamba lisanaphuke ndi limodzi lomwe. Uku ndiko kwawo kwa mbatatesi ndi tirigu. Kum'mawa kwake ndi Ntcheu, kumene abale athu ambiri anathawira nkhondo kufikira mtendere wa 1992.

Lamulungu m'mamawa, belu lisanalire, tinapeza mayi wina wachikulire wa Chigwirizano atagwada patsogolo pa gome, mtsuko wadothi uli pamaondo pawo. Anayamba ndi nthambi za mkungudza. Anapulula timasamba tonse tam'munsi, pakuti tikamira timaola ndi kununkhitsa madzi, ndipo nthambizo anazipingasa pakamwa pa mtsuko kuti zichirikize zinzake. M'madzimo anaponyamo khala limodzi. Kenaka anatenga nthambi zisanu za pichesi, iliyonse naidula mopendeketsa, naing'amba pang'ono kutsinde kuti imwe bwino. Yaitali koposa anaiimika pakati. Anabwerera mpaka pakhomo, nayang'anitsitsa, nabweranso kudzaipendeketsa pang'ono.

Mkulu wa mpingo anatinong'oneza kuti: “Abusa, muwalangize mayiwa. Ali ndi mitengo itatu yokha, komanso akulera adzukulu anayi amasiye. Duwa lililonse mukulionali ndi pichesi limene sadzagulitsa.” Mkuluyo sananame, ndipo ifenso mtima unatiwawa, poti si bwino kuti nyumba ya Mulungu ikongole ana akusowa makope.

Tinawafunsa mayiwo mwaulemu. Anaseka, nati: “Abusa, zinayizi ndadula zam'kati, zimene sizionana ndi dzuwa. Zikanangobala timapichesi tonyozeka, ndipo mtengo umapuma ukazichotsa.” Titaloza yaitali ija, anakhala chete pang'ono. “Iyo ndiye inali yabwino mumtengo wonse. Kodi ndikanabwera ndi zotaya zokhazokha?”

Chilangizo tinakonza chija chinatithera pakamwa. Pa nthawi ya Mgonero, mphepo inalowera pazenera, timaluwa tina n'kugwera pansalu yoyera pafupi ndi mkate. Amene anatitola kamodzikamodzi ndi mkulu wa mpingo uja, ndipo titaweruka tinamuona akuwonjezera madzi mumtsukomo.