Jakisoni Anali M'kabati

Masiku ano takhala tikusinkhasinkha za mtsikana wina wa ku Canada, dzina lake Sabrina Shannon, amene anamwalira mu September 2003 ali ndi zaka 13. Thupi lake linkadana ndi mtedza, soya ndi mkaka, ndipo iye ankalidziwa bwino vuto lakelo, mwakuti anali atalifotokozapo pa wailesi ya CBC. Tsiku lina, pasukulu yake m'tauni ya Pembroke, chigawo cha Ontario, anagula tchipisi atafunsa kaye za mafuta amene anakazingira. Koma zikuoneka kuti chopanira chimene anamugawira nacho chinali chitakhudza chakudya chokhala ndi tchizi. Atayamba kubanika anayesa mphumu, popeza analinso ndi nthendayo. Jakisoni womupulumutsa anali naye, koma anamusiya m'kabati yake ya pasukulu. Anakomoka asanabayidwe, ndipo tsiku lotsatira anatisiya.

Madokotala amatcha vutoli anaphylaxis. Thupi limalimbana ndi chinthu chosaopsa, monga chakudya, mankhwala kapena mbola ya njuchi, ngati kuti ndi mdani: kukhosi kumatupa, mpweya umathina, magazi amayenda mofooka, ndipo munthu akhoza kufa pa mphindi zowerengeka. Mankhwala oyamba ndi adrenaline, wobayidwa pantchafu msangamsanga, ngakhale podutsa pa chovala. Pambuyo pake wodwalayo apitebe kuchipatala.

Mayi ake a Sabrina sanakhale chete. Mu 2005 nyumba ya malamulo ya Ontario inavomereza lamulo lotchedwa dzina la mwanayo, limene phungu Dave Levac analibweretsa, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2006. Lamuloli likuti mabungwe oyang'anira sukulu za boma akhale ndi ndondomeko yochepetsera ngozi, aziphunzitsa antchito awo kawirikawiri, ndiponso mphunzitsi wamkulu asunge dongosolo lapadera la mwana aliyense wodziwika kuti ali ndi vutoli.

Tiyenera kuvomereza kuti titamva izi koyamba tinakayika. Ife tinakula tikuuzidwa kuti mwana wokana chakudya kwa eni ndi wamwano, ndipo ndani mwa ife sanakakamizepo mwana kuti alaweko pang'ono pokha? Tinkaganizanso kuti chifundo sichilembedwa m'malamulo, kuti mphunzitsi wabwino adzathandiza mwana popanda wina womulamula.

Chimene chinatisintha maganizo ndi ndime ziwiri zazing'ono za lamulolo. Yoyamba ikulola wantchito wa pasukulu kubaya jakisoni ngati ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana wagwidwa ndi anaphylaxis, ngakhale makolo sanapereke chilolezo pasadakhale. Yachiwiri ikuti munthu wochita zimenezi ndi mtima woona asasumiridwe kuti alipire. Apa tinaona kuti olemba lamuloli anaudziwa mtima wa munthu. Taganizani za mphunzitsi amene waima pamaso pa mwana wotupa milomo. Iye si dokotala, mwanayo si wake, makolo sakupezeka pa lamya. Chifundo ali nacho ndithu, koma mantha akumufunsa kuti, kodi ndikabaya zinthu n'kuipa, ndidzayankha chiyani? Pamene akudzifunsa, mphindi zikupita. Tonse amene tinasungapo ana a eni, kaya m'kalasi kaya paulendo, mantha amenewa tikuwadziwa, ndipo sitingaloze chala munthu amene dzanja linamunjenjemera.

Komabe lamulo la Ontario linaika mtima kwambiri pa ana odziwika kale, pamene ena amagwidwa koyamba ali pasukulu, alibe jakisoni wawowawo. Ku America, mu November 2013, Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lokokera zigawo za dzikolo kuti zilamule sukulu kusunga adrenaline wothandizira mwana aliyense. Chigawo chochita zimenezi chinalonjezedwa kuganiziridwa patsogolo pa thandizo lina la ndalama. Ku Britain, kuyambira pa 1 October 2017, sukulu zinaloledwa kugula majakisoni apadera popanda kalata ya dokotala. Lamulo la chaka chimenecho linangotsegula khomo. Sukulu yosafuna kugula silinaikakamize, ndipo makolo ena ofedwa ana anapitirizabe kudandaula ku nyumba ya malamulo kuti kulola kokha sikunakwanire.