Mawaya Obisika M'khoma: Caka ca Amisiri a Magetsi ku Katete

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East Road, akaoloka mtsinje wa Luangwa napyola Nyimba, Petauke ndi Sinda, amafika pa Katete kutatsala makilomita oposa 80 kuti alowe mu Chipata. Pano pali masitolo ondandana m'mbali mwa mseu, pali mphambano ya mseu wopita ku Chanida kumalire a dziko la Mozambique, ndiponso pali cipatala ca St Francis cimene Akatolika ndi Aangilikani amaciyendetsa pamodzi. Ngolo za ng'ombe, njinga ndi magalimoto akuluakulu zimapatsana njira tsiku lonse. M'tauni imeneyi ndimo ife timagwira nchito ya magetsi.

Amene sanakhalepo kuno angaganize kuti nchito yathu ilibe nyengo. Iai, nayonso imatsata khasu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndalama zonse zimakhala zitathera ku feteleza ndi kupalira, ndipo palibe amene amaganiza zoika magetsi m'nyumba. Pamenepo timangoitanidwa pa mabvuto: mphezi yaononga wailesi ya kanema, madzi a mvula alowa m'bokosi la mita, mota ya pampu yapsa. Koma cimanga, soya, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa zikayamba kugulitsidwa kuyambira mwezi wa Meyi, tauni yonse imadzuka. Malata atsopano amawala m'midzi, ndipo eni zigayo ndi makina ofinya mafuta amatifuna usana ndi usiku. Pofika kumapeto kwa Ogasiti, pamene Acewa a m'maiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, nyumba za alendo zimadzaza ndipo sitipeza nthawi yakupuma.

Cilolezo ca nchitoyi sacitola panjira. Munthu amayamba waphunzira pa sukulu ya zaumisiri nalandira setifiketi yobvomerezedwa ndi bungwe la TEVETA. Pambuyo pake amalembetsa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo kampani yake, ngakhale ikhale ya anthu atatu cabe, imalembetsedwa ku National Council for Construction. Mapepala amenewa amalipiridwa caka ndi caka. Nyumba yatsopano ikatha, a ZESCO amayamba aona mawaya ake asanailumikize. Zonsezi zimadya ndalama, ndipo ndico cifukwa cake mtengo wathu umaposa wa mnyamata amene amayendayenda pamsika ndi pulayala m'thumba.

Caka cina mlimi wina wa kufupi ndi tauni, atagulitsa soya, anamanga nyumba yabwino yokhala ndi sitolo kutsogolo. Tinayesa zipinda zonse ndi kumuuza mtengo. Iye anapukusa mutu nati, "Amisiri, inu mufuna kundithera ng'ombe. Alipo wina amene wandiuza theka la mtengo wanuwu." Tinalawirana mwaulemu. Nyumbayo anaikoka magetsi kucokera ku nyumba ya mbale wake yoyandikana nayo, popanda woiyendera.

Patapita miyezi inai anatumiza mwana m'mamawa kudzatiitana. Amai a m'nyumbamo anali atamva fungo la pulasitiki yopserera pamene anali kuphika, ndipo mwana wamng'ono anali atagwedezedwa ndi magetsi pogwira citseko ca firiji. Titakwera kudenga tinapeza waya wa 1.5, umene nchito yake ndi kuyatsa mababu cabe, utalumikizidwa ku citofu cimene cimafuna waya wa 6. Waya woonda ukasenza mphamvu yoposa msinkhu wake umatentha, cikopa cake cimasungunuka, ndipo moto umayamba pamalo pamene maso saona. Mtengo wa denga unali utada kale, ndipo pansi pake penipeni panali matumba 40 a cimanga, cakudya ca banja lonse kufikira kukolola kwina. Ndodo ya mkuwa imene imakhomeredwa m'nthaka kuti magetsi osokera athawiremo panalibe. Ndico cifukwa cake anathawira mwa mwana.

Bambo uja anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinayesa waya ndi waya basi." Sitinamdzudzule, pakuti ambiri amaganiza motero. Khoma likapakidwa penti, nchito yabwino ndi yoipa zimaoneka cimodzimodzi, ndipo babu imayaka ponse pawiri. Tinacotsa mawaya onse ndi kuyamba mwatsopano, tinamthandiza kupempha mita yakeyake, ndipo tinagwirizana kuti theka la ndalama adzapereka akakolola. Anasunga pangano lake.

M'caka ca 2024 tinaphunzira zina. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo popeza magetsi ambiri a dziko lathu amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku. Eni zigayo anali kugona pafupi ndi makina ao, kudikira kuti magetsi akabwera pakati pa usiku agaye msanga. Amene anali ndi ndalama anathamangira kugula masola, mabatire ndi majenereta. Apa panabuka ngozi yatsopano. Jenereta ikalumikizidwa ku mawaya a nyumba popanda swichi yoilekanitsa ndi mawaya a ZESCO, mphamvu yake imabwerera kunja, ndipo ingathe kupha munthu amene wakwera pa mtengo wa magetsi ali ndi cikhulupiriro cakuti azima. Miyezi imeneyo tinaika maswichi otere ambiri, ndipo pa nyumba iliyonse tinafotokoza cifukwa cake.

Tsono inu awerengi amene mukumanga, kaya ndi nyumba, sitolo kapena holo ya pa parishi, kumbukirani mau a makolo akuti safunsa anadya phula. Mmisiri akabwera, mpempheni akuonetseni mapepala ake. Woona sakwiya nazo. Mfunseni kukula kwa waya wa citofu, akuonetseni pamene wakhomera ndodo ya m'nthaka, ndipo ayese mawaya onse inu mukuona. Ngati ndalama zacepa, ndi bwino kuika magetsi m'zipinda ziwiri caka cino ndi kutsiriza zina mukakolola, kusiyana ndi kudzaza nyumba yonse ndi waya wosayenera.

Madzulo tikamabwerera kwathu, makwerero ali pagalimoto, timadutsa pa sitolo ya bambo uja. Kawirikawiri timapeza ana a sukulu atakhala pakhonde pansi pa babu, akulemba nchito yao ya kunyumba, ndipo iye amatikweza dzanja.