Belu likalira, chipinda china

Pamene ndinkaphunzira udokotala, mayeso a m'wodi ankayendera mwayi. Ankakupatsa wodwala mmodzi, ukhale naye pafupifupi ola lathunthu, kenako madokotala akuluakulu awiri abwere kudzakufunsa zimene wapeza. Pomupima panalibe wokuona. Ine ndinagwera agogo ena odwala mtima, odziwa kulongosola vuto lawo, ndipo ndinakhoza. Mnzanga wakhama kuposa ine anagwera bambo wobanika amene mawu ankatuluka movutikira, ndipo analephera. Mpaka lero zimandiwawa.

Tsopano ndine mmodzi wa oyesa, ndipo mayeso ake ndi OSCE, njira imene Ronald Harden ndi anzake a ku Dundee, ku Scotland, anaifotokoza mu 1975. Wophunzira amazungulira tizipinda 10 kapena kuposerapo, mphindi zowerengeka pa kachipinda kalikonse. Belu likalira, atuluke. Muno ayeze BP, umo abaye diripi pa mkono wa chidole, kwinako atsitsimutse khanda lapulasitiki lomwe silikupuma, kenako auze mayi wochita sewero la kudwala kuti m'magazi mwake mwapezeka HIV. Aliyense amakumana ndi ntchito zomwezo, woyesa ali pambali ndi pepala lochongapo.

Chimene ndimawakondera mayesowa n'chakuti amaphunzitsa tsiku lake lisanafike. M'nthawi yathu palibe amene ankandipatsa malikisi chifukwa chosamba m'manja, choncho sindinkakuwerengera. Ana a lero madzulo amagonekana pa mabedi m'mahositelo, kupimana mimba, kukumbutsana kuti uyambe wadzitchula dzina, upemphe chilolezo usanavule munthu, utseke katani. Mayeso akatha timakhala nawo pansi. Mtsikana wina ndinamuuza kuti anayamba kudina mimba pamalo penipeni popweteka, wodwala n'kuumitsa thupi lonse. Patapita mwezi ndinamupeza m'wodi akuyambira kutali ndi ululu, maso ali pankhope ya wodwalayo. Ine cholakwika chomwecho ndinachita kuchizindikira ndekha nditagwira kale ntchito zaka zingapo, ndipo amene anavutika nacho ndi odwala anga.

Koma pali chimene chimandidetsa nkhawa. Ena aphunzira kuloweza chifundo. Amanena "pepani mayi" pamalo poyenera, maso ali pa cholembera changa kuti aone ngati ndachonga. Belu lawazoloweretsanso liwiro, pomwe wodwala weniweni wa kumudzi nkhani yake amaiyambira pa nthawi yokolola chaka chatha, adutse kwa sing'anga, afike pa maliro a mlamu wake, ndipo chizindikiro chimene ukufunacho chimabisala penapake m'menemo. Mayeso akale aja, ndi kuipa kwawo konse, ankatikhazika pansi ola lonse kumvetsera.

N'chifukwa chake sabata yotsatira mayeso ndimawatengera kuwodi, pepala ndimalisiya mu ofesi. Aliyense ndimamupatsa mpando pambali pa bedi la wodwala, n'kumuuza kuti asadzuke mpaka wodwalayo atamaliza yekha kuyankhula.