Chilembo cha B m'kabuku ka mng'ono wanga

Kwathu ku Neno, m'sutikesi momwe amayi amasungamo mapepala ofunika, muli kabuku ka kuchipatala ka mng'ono wanga. Kanathaitha, ndipo chikuto chake anachita kusokerera ndi ulusi. Patsamba lina pali mawu olembedwa mothamanga: BCS 2/5. Kwa zaka zambiri ndinkawaona osadziwa tanthauzo lake.

Tsiku limene analembedwa ndimalikumbukira bwino. Inali nyengo ya dzinja, ine ndili sitandade 6, iye ali ndi zaka zitatu. Thupi linatentha masiku awiri, tsiku lachitatu anachita linjirinjiri kenako n'kungoti zii, maso ali pamtunda. Abambo anathamangira kukapeza njinga yamoto, amayi anamukulunga m'chitenje, ulendo wa kuchipatala cha Lisungwi m'matope. Ine ndinatsatira mawa lake ndi dengu la chakudya. Amayi amasimba mpaka lero kuti adokotala anatenga cholembera n'kukanikiza chikhadabo cha mwanayo mwamphamvu. Iwo mtima unawawa: mwana akudwala chonchi, inu mukumutsinanso? Adokotala anayankha mofatsa kuti, "Mayi, ndikufuna ndione ngati akumva." Kenako anawauza kuti ayendetse nkhope yawo pamaso pa mwanayo. Maso ake sanatsatire. Anamubaya jakisoni, kumuika diripi, ndipo patapita masiku awiri anadzuka n'kupempha phala.

Tanthauzo la zilembo zija ndalimva ndili kuno ku yunivesite, m'kalasi ya za tizilombo toyambitsa matenda. BCS ndi Blantyre Coma Score, muyeso woonera kukula kwa chikomokere cha mwana wamng'ono. Ndinadzidzimuka kumva kuti B uja ndi Blantyre yemweyu, komwe timapita pa minibasi kudzera pa Zalewa. Ndinali nditazolowera kuti chilichonse cholembedwa m'mabuku a zachipatala chimachokera ku London kapena ku America. Ichi chinabadwira mu wodi ya ana pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo mmodzi mwa amene anachikonza ndi Pulofesa Malcolm Molyneux, amene anamwalira mu Novembala 2021.

Sindinawaonepo. Koma ndaona kuti ndi bwino ndilembe za iwo, chifukwa ambiri a ife timadutsa pa nyumba za Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre tikulakalaka ntchito, osadziwa kuti zinayamba bwanji.

A Molyneux anabadwa mu 1943 ku Congo, komwe makolo awo anali amishoni. Anaphunzira udokotala ku England, ndipo mu 1974 anabwera ku Malawi pamodzi ndi akazi awo a Elizabeth, omwenso ndi dokotala. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Anagwira ntchito ku Queens zaka khumi, kenako anapita ku Liverpool School of Tropical Medicine. Ngakhale anali ku Liverpool, ankabwerera ku Blantyre kudzafufuza za malungo a muubongo pamodzi ndi Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Mu 1995 anabwereranso kudzakhala kuno, n'kutsogolera kafukufuku amene lero ndi bungwe lalikulu la MLW.

Vuto limene anakumana nalo linali losavuta kulimvetsa. Muyeso wa chikomokere umene unalipo, wa ku Glasgow, unakonzedwera akuluakulu. Umafuna wodwala ayankhe mafunso, anene komwe ali, achite zomwe wauzidwa. Nanga mwana wa chaka chimodzi, amene sanayambe n'kuyankhula komwe, mumufunsa chiyani? Choncho iwo ndi anzawo anakonza muyeso woyang'ana zinthu zitatu zokha. Choyamba, mwana akamva kuwawa amatani: akalondola pamene pakuwawa n'kufuna kuchotsa dzanja lanu apeza 2, akangobweza mkono apeza 1, akapanda kuchita kanthu 0. Chachiwiri ndi kulira: kulira kwenikweni 2, kubuula 1, kukhala chete 0. Chachitatu ndi maso: akatsatira nkhope ya mayi ake 1, akapanda kutsatira 0. Zonse pamodzi ndi 5. Mwana wa malungo akapeza 2 kapena kutsika apo, ali m'chikomokere chenicheni. Muyesowu unasindikizidwa mu 1989, ndipo ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri mpaka pano.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti muyesowu sufuna magetsi, sufuna makina, sufuna intaneti. Umafuna cholembera ndi nkhope ya mayi. Ku boma ngati lathu, komwe mvula ikagwa misewu ya kumapiri imavuta ndipo ambulansi imatha kutitimira, chida chotere n'chamtengo wapatali. Neno linali mbali ya Mwanza mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo zipatala zake zinayamba kusintha kwambiri pomwe a Partners In Health, omwe kwathu timawadziwa kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anafika mu 2007. Koma ngakhale nyumba zikhale zatsopano, usiku wa pakati namwino amene ali yekha pa Dambe kapena pa Chifunga ayenera kugamula msanga ngati mwana atumizidwe kuchipatala chachikulu. Nambala ija imamuthandiza kugamula, imathandizanso kuti amene akalandire mwanayo adziwe ngati akutsika kapena akukwera.

Sanalekere pomwepo. Gulu lawo linafunsa funso lovuta: kodi ana onse amene timati afa ndi malungo a muubongo, afadi ndi malungo? Kuti ayankhe anayenera kupempha makolo amene mwana wawo wangomwalira kumene kuti alole thupi lipimidwe. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi aliwonse anali atafa ndi matenda ena, ngakhale tizilombo ta malungo tinali m'magazi mwake. Anapezanso kuti kuyang'ana mkati mwa diso kumasiyanitsa bwino magulu awiriwa. Mu 2015 kafukufuku wa makina a MRI pa Queens pomwepo anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira amakhala kuti ubongo watupa kwambiri. Kuchokera pa cholembera kufika pa MRI panadutsa zaka zoposa makumi awiri, akufunsabe funso limodzi.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Tikamakumbukira anthu otchuka, makamaka ochokera kunja, timaiwala kuti mutu umodzi susenza denga. Panali anamwino Achimalawi amene ankayeza ana usiku wonse, a mulabotale amene ankawerenga tizilombo pagalasi maso mpaka kuwawa, ndi makolo aja amene anavomera chinthu chimene pachikhalidwe chathu n'chovuta kwambiri, misozi ili m'maso. Mayina awo sali pachikuto cha buku lililonse. Kulemekeza a Molyneux kuyenera kutikumbutsa anthu amenewa.

Mbali ina ya moyo wawo ndi imene ndimaiganizira kwambiri masiku ano, pomwe tikuyandikira kumaliza maphunziro. Ku hostel timakonda kukambirana ngati kuti pali njira ziwiri zokha: ukhale katswiri, kapena ukhale munthu wa pabanja. Ena amati ukwati udikire PhD, ena amati ana ndi chipsinjo pa kafukufuku. Banja la a Molyneux linayenda njira yonseyi limodzi. A Elizabeth anatsogolera nthambi ya ana pa Queens, anasamalira ana odwala khansa, anathandizanso kukonza njira ya ETAT yozindikirira msanga mwana wodwalitsitsa pamzere wa kuchipatala. Analera ana anayi, ndipo mmodzi wa iwo ndi pulofesa wofufuza za umoyo amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Kilifi, ku Kenya. A Malcolm ankapezanso nthawi ya nyimbo ndi kwaya. Sindikunena kuti zinali zophweka, komanso ndikudziwa kuti iwo anali ndi mwayi umene mwana wa mlimi wa nachesi alibe. Koma zikundiuza kuti munthu sayenera kuumitsa mtima kuti akhale wasayansi wabwino. Amene anaganiza zoti nkhope ya mayi ikhale chida choyezera anali munthu wodziwa chimene khanda limayang'ana likatsegula maso.

Patchuthi chapitachi ndinatulutsa kabuku kaja n'kuwafotokozera amayi zonsezi, kuyambira pa chikhadabo mpaka pa nambala. Mng'ono wanga, amene tsopano ali ku sekondale, ankangoseka kuti tikukamba za iye. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi: "Adokotala akowo anali ndi ana?" Ndinati inde, anayi. Anagwedeza mutu, nati, "N'chifukwa chake." Anatenga kabukuko n'kukabwezera m'sutikesi.