Kudziwana si katangale ayi

Ndife ambiri pa Bunda amene pasipoti tili nayo kale koma kalata ya ntchito tilibe. Ukafunsa wa chaka chomaliza kuti akamaliza alowera kuti, amati ku Israel, ku Joni, kapena kulikonse kumene ndege ingatere. Sindikudabwa nazo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a munthu woyamba kumene ntchito mu Lilongwe amathera pa lendi ndi thiransipoti. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti timakonzekera ulendo ndi mapepala okhaokha: digiri, kalata ya kupolisi, ya kuchipatala. Timaiwala zinthu ziwiri zimene zimasamala munthu akatsika ndege, zomwe ndi chilankhulo ndi anthu odziwana nawo.

Mawu oti "ntchito ndi kudziwana" timawanena mowawidwa mtima, poganizira mwana wa bwana amene walembedwa ntchito osafunsidwa mafunso. Kumeneko n'kukondera, ndipo n'koipa. Koma palinso kudziwana kwina kumene sikulanda mwayi wa aliyense: kukhala ndi munthu amene anafikako kumene ukupita, woti akuuze zoona usanagulitse mbuzi za amayi ako.

Agogo anga aamuna kwathu ku Nathenje anali m'gulu la amuna amene ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Sukulu analekezera panjira, koma mpaka kukalamba ankayankhulabe Fanagalo, chilankhulo cha kumigodi chosakaniza Chizulu, Chingerezi ndi Chibunu. Ankanena kuti wobwera kumene ankaphunzitsidwa kaye mawu a ntchito asanatsike pansi, chifukwa wosamva chenjezo mwala unkamupeza. Ndipo akafika ku komboni, woyamba kumufunafuna anali wa kwawo, woti amuonetse kogula chakudya, kapitawo wovuta ndi njira yotumizira ndalama kumudzi. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma nzeru ya madodawo sinathe ntchito.

Taonani za ku Israel. Mu November 2023 achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda, ndipo ena anatsatira. Mwayiwu unatseguka chifukwa antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo nkhondo itayamba pa 7 October. Amene anatsala ndi amene amadziwa ntchito ya m'mindamo. Choncho wokuonetsa kadulidwe ka tsabola akhoza kukhala wa ku Thailand, mwini munda n'kumayankhula Chiheberi, Chingerezi chako cha Bunda n'kukhala chachitatu pamzere. Mu May 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kumudzi atachoka m'minda n'kukagwira ntchito kwina, pamene chilolezo chawo chinali cha ulimi. Munthu akaona kuti malipiro sakugwirizana ndi zimene analonjezedwa, amafunika mawu ofunsira ndiponso munthu womuuza kokadandaula. Zikasowa ziwirizi, chotsala ndi kuthawa, ndipo kuthawa kumathera pa bwalo la ndege.

Nkhani ya amayi a ku Oman ndiye yowawa koposa. BBC inaonetsa mu 2024 momwe amayi a kuno ananamizidwira ntchito zabwino n'kukapezeka otsekeredwa m'nyumba za eni, pasipoti atalandidwa, Chiarabu osachimva. Thandizo linayambira pa gulu la WhatsApp limene anayambitsa Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, ndipo amayi oposa 50 anabwerera kwawo. Chimene chinatsegula khomo n'chakuti anapezana, n'kuyamba kuuzana zimene akukumana nazo.

Nanga anthu oterewa tiwapeza kuti, ife opanda malume ku Capital Hill? Ali pafupi kuposa LinkedIn. Tsiku la msika pa Mitundu, pakati pa a kabaza ndi ogulitsa kaunjika, simungalephere kupeza amene anakhalako ku Johannesburg kapena ku Durban. Pa sukulu pathu pomwe pali akuluakulu athu amene anapitako ku Israel kukaphunzira ntchito ya ulimi. Timawadutsa chifukwa ena sanafike Fomu 4, ena timachita nawo manyazi. Apezeni, agulireni tiyi, afunseni mafunso enieni: Ankakudulani zingati za nyumba? Pasipoti ankasunga ndani? Mutadwala munapita kuti? Ndi mawu ati amene munalakalaka mukanawadziwa sabata yoyamba? Ejenti amakuuza malipiro a pa pepala. Wobwerako amakuuza imene imatsala m'thumba. Safunsa anadya phula.

Pa chilankhulo, tisadzinamize kuti poti timalemba mayeso m'Chingerezi ndiye kuti tatha. Tikhoza kulemba masamba khumi a za chonde cha m'nthaka, koma kuuza bwana maso ndi maso kuti maola owonjezera sanawerengedwe, lilime limauma. Zimenezi zimafuna kuyeserera pakamwa, awiriawiri, wina akhale bwana wina wantchito. Ndipo cha dziko limene ukupita sufunika kuchidziwa chonse. Yamba ndi manambala, masiku, nthawi, zida za ntchito, ziwalo za thupi zikamapweteka, ndi chiganizo chakuti "sindisaina ndisanawerenge." Mawu asanu patsiku, m'miyezi itatu ndi mawu 450.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula ndipo magetsi amazima. Koma kope la mawu silifuna netiweki. Ndiponso kunja sikutanthauza ndege yokha. Kuchokera pa Nathenje kutsata msewu wa M1, chipata cha Dedza chili pafupi, ndipo kutsidya ku Angónia anthu amayankhula ngati ife. Chimene chimatilekanitsa ndi ntchito za ulimi ku Tete ndi Chipwitikizi cha mu ofesi, chimene ochepa mwa ife anaganizapo zochiphunzira.

Kupita kapena kutsala, aliyense asankhe yekha. Pempho langa ndi lakuti musanalipire ejenti ngakhale tambala imodzi, mukhale ndi manambala a foni a anthu atatu amene ali komweko, osati opatsidwa ndi ejentiyo, komanso muzitha kufunsa za malipiro anu m'chilankhulo cha amene adzakulipireni. Ngati ziwirizi palibe, ulendowo sunapse.